Dothi la Apongozi m'Botolo

Lolemba
Apongozi atumiza mawu kudzera kwa mkazi wanga: munda wawo wakudambo andipatsa ndilimemo nshawa, mtedza uja. Ine mkamwini, zaka zinayi pamudzi pano, munda wangawanga! Koma ndiyambe ndauyeza. Alangizi anatiphunzitsa ku Sinda: wiritsa kabichi wofiirira, sefa madzi ake, thiramo dothi. Madzi akafiira, nthaka ndi yowawasa, ikufuna laimu. Akapanda kusintha, ingobzala.
Zofunika: kabichi, mabotolo atatu, kansalu kosefera.

Lachiwiri
Kabichi ndam'peza ku Katete, mmodzi yekha msika wonse. Ndimusiya pathandala, ndipita kukamwetsa ng'ombe. Pobwera, mayi a kunyumba amukazinga ndi tomato! "Ndiwo zanuzi zandidetsera poto," akutero. Mayo ine! Kwatsala masamba anayi amene amati apatse nkhumba.

Lachitatu
Masamba aja ndawiritsa. Madzi ake ngati jivi wopaka pachilonda. Ndiyesa pakhonde. Kufinyiramo ndimu: psuu! Kuthiramo phulusa: biriwiri! Ndikukuwa ndekha ndi chimwemwe. Alamu anga a Tisa akuonerera ali pamtondo, munsi uli m'mwamba.

Lachinayi
M'mamawa ndili kudambo. Ndikutapa dothi pangodya zinayi ndi pakati, monga ananenera alangizi, n'kumamanga m'timapepala. Kucheuka, apongozi aima pachulu, khasu paphewa! Nanga mkamwini amapenyana ndi apongozi panjira? Ndipatuka mwaulemu, ndilowa m'tchire, timapepala tili m'manja. Iwo akuti ndathawa.

Lachisanu
Mudzi wonse wamva. Milandu yanga:
ndatapa dothi kuti ndizikawa zokolola mwamatsenga;
ndili ndi madzi osanduka magazi;
ng'ombe ya a Banda imene inafa ndi nkhupakupa chaka chatha, ndine.
Masana mayi wina wafika kuchokera ku Vubwi, nkhuku kukhwapa, akuti ndimuonere amene akum'sokoneza mwamuna wake. Ine! Woimba besi mukwaya! Manyazi andigwira mpaka m'mafupa.

Loweruka
Kulankhula ndi apongozi maso ndi maso sindingathe, ndiye ndituma mkazi wanga ndi botolo limodzi ndi ndimu, akawasonyeze kuti ndi kabichi chabe. Ndikumvetsera ndili kuseri kwa nkhokwe. Kenaka mfuu: "Magazi! Wam'phunzitsanso mwana wanga!" Botolo phwaa!
Madzulo mkazi wanga abwera maso ali ofiira. Munda waperekedwa kwa a Tisa.

Lamulungu
Kutchalitchi benchi lonse ndi langa ndekha. Besi ndikuimbira m'khosi.
Pobwera ndithira dothi lija m'botolo limodzi mwa otsala, ndikhutchumula, ndidikira. Madzi sakusintha n'pang'ono pomwe. Nthaka yabwino, yosafuna laimu! Mtima ukundiwawa, sindinama. Ndipita kukawauza a Tisa kuti angobzala, koma akungondiona patali, chitseko gwa.
Basi. Nshawa zidzabereka zimenezo. Ndidzawathandiza kukumba, ngati adzandilole kupondamo.