Apongozi Kutsogolo, Pulawo Kumbuyo

Sekani, a Jafali, sekani mpaka mano atsalawo agwe, ine sindikwiya. Inu mwayendetsa malole mpaka imvi, koma chimene mumadziwa n'kuyang'ana kutsogolo basi, ndiye nkhani ya zomangirira kumbuyo kwa thirakitala tisiyireni eniake. Amene akuti Zuze ndi wabodza aimirire ndimuone, atchule munthu wina mu Blantyre muno amene anayendetsapo thirakitala kuchokera ku Limbe mpaka ku Chirimba kuno nkhope itaona kumbuyo. Palibe eti? Ndiye bawoyo isiyeni kaye, nkhomo sizithawa. A Lufeyo, mwafunsa ndinu kuti kathirakitala mwagulako mukagulire chiyani cha kumbuyo, pulawo kapena ngolo. Senderani kuno mumve mmene ndinasankhira ine, chifukwa ine tsiku losankhalo banja langa linali lendelende.

Zinali zaka zija zipani zitangochuluka, aliyense ali ndi nsalu ya chipani m'chiuno ndi njala m'mimba. Ine ndinkagwira ntchito m'nyumba yosungiramo katundu ku Makata, ndipo kampaniyo itatseka, anzanga anathamangira mipando ndi mawilibala, ine n'kuloza kathirakitala kamene kankakoka katundu pabwalo. Kanali kakang'ono moti mbuzi zinkabwera kudzakanunkhiza poyesa ndi mnzawo, koma mphamvu zake musanene! Tsiku lina ndinakamangirira ku mtengo wa bulugamu kuti kasabedwe, n'kuiwala kuzimitsa injini, ndiye pobwera ndinapeza kakoka mtengo, mtengo wakoka nthaka, nthaka yakoka Ndirande yense, phiri ndi nyumba ndi mabafa omwe anthu akusamba momwemo, mpaka kumusendeza kufupi ndi tauni, n'chifukwa chake lero a ku Ndirande amapita kuntchito wapansi osandithokoza n'komwe. Mukumva? Koma kumbuyo kwake kunalibe kanthu, timikono tiwiri tachitsulo tokha tikungogwedera.

Nthawi imeneyo n'kuti ndili ndi Elube, mkazi wanga yemweyu, mwana woyamba ali kumsana. Tinali ndi munda kutsinde kwa phiri la Michiru, koma unali wouma gwaa, khasu ukamenya linkabwerera n'kukumenya iwe. Ndiye kunatulukira apongozi anga, amayi ake a Elube, kuchokera ku Chikwawa. Inu a kuchigwa mwambo mukuudziwa: mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anana, mukakumana panjira wina amapatukira patchire, ndipo mawu onse amadzera mwa mwana wawo. Choncho iwo anayala mkeka kuseri kwa nyumba, ine ndili pakhonde, Elube n'kumathamanga pakatipo ngati mesenjala.

"Amayi akuti ntchito yakutherani, munda ulibe mzere ngakhale umodzi," anatero Elube maso ali pansi. "Akuti mvula yoyamba ikagwa musanadzale, ine ndi mwana tikwera nawo basi ya ku Chikwawa."

Ndinati mwina n'zoopseza chabe, koma nditasuzumira m'nyumba ndinapeza zovala za Elube zamangidwa kale mu nsalu, mapoto ali pamwamba. Abale, ndinachita mantha, sindibisa. Mkaziyu ndinkamukonda ndipo ndimamukondabe, ndipo nyumba yopanda iye sindinkafuna n'kuiganiza komwe. Kuyang'ana ku Michiru, mitambo inali itayamba kale kuda.

M'mawa mwake ndinaliza kathirakitala ulendo wa ku Limbe, kwa Che Saidi, amene ankagulitsa zipangizo za ulimi zakale ndi zatsopano zomwe. Apongozi anati akufuna akaone ndi maso awo, ndiye iwo ndi Elube anatsogola pa minibasi, ndipo ndinawapeza atakhala pakhonde la sitolo atandifulatira monga mwa ulemu. Che Saidi anali munthu wodekha, wa kapu yoyera pamutu, wosanamiza wogula. Anazungulira kathirakitala kanga, n'kugwedeza timikono ta kumbuyo tija, kenako anandilowetsa kubwalo kumene kunali zitsulo mbwee.

"Bambo Zuze, kanthu kanuka n'kakang'ono, sankhani chimodzi," anatero. "Ngati nthaka ndi youma, pulawo iyi. Ikasiya zibuma, chophwanyira ichi. Mukafuna mizere, rija iyi. Ichi n'chodzalira, icho n'chotchetchera udzu, ndipo ngolo ndi iyo. Koma chimodzi, chifukwa mukakalemetsa kumbuyo kadzuka kutsogolo."

Ine mtima unali pa rija, chifukwa mkamwini amadziwika ndi mizere yake. Elube anandinong'oneza kuti chodzalira, msana wamukwana. Kuchokera pakhonde paja kunabwera mawu, kudzera mwa Elube yemweyo, oti ngolo, chifukwa munthu wa ngolo amalemekezeka pa ukwati ndi pa maliro pomwe. Ndikasankha rija ndakhumudwitsa mkazi, ndikasankha chodzalira ndanyoza apongozi, ndikasankha ngolo munda ukhala womwewo ndipo ngoloyo idzangothandiza kunyamula katundu wa Elube kupita kudepoti. Ndiye ndinati zonse. Che Saidi anagwira ndevu n'kuti, "Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada." Ndinawayankha kuti pusi ameneyo analibe mapini.

Tinayamba kulumikiza, pulawo ku thirakitala, chophwanyira zibuma ku pulawo, rija ku chophwanyira, chodzalira ku rija, chotchetchera ku chodzalira, ngolo kumapeto, ndipo mapini atatha tinagwiritsa ntchito mawaya, mawaya atatha malamba a mathalauza a anthu odutsa, malamba atatha tinapota chingwe cha nsalu za zipani zonse, ndipo pali malemu bambo anga, ndi tsiku lokhalo limene zipani za m'dziko muno zinakokera mbali imodzi. Mndandandawo unatalika moti ine ndili pa Maselema, ngolo inali isanatuluke pachipata cha Che Saidi, ndinachita kubwerera kuti tiyambe bwino. Koma nditangokweza pulawo m'mwamba, zimene ananena mkulu uja zinachitika. Matayala a kutsogolo ananyamuka, kathirakitala kanaima chilili ngati mbuzi yodya masamba a mumtengo, nyali zake zikuunika akhwangwala.

A Lufeyo, apa mverani bwino, chifukwa ili ndiye phunziro: cholemera kumbuyo chimafuna cholemera kutsogolo. Tinaika matumba a simenti, osatheka. Tinawonjezera injini ya lole yakufa, kanangogwedeza mutu. Anyamata oyitanira minibasi anakwerapo mulu wonse akukuwa kuti "Tsika, mdala, tsika!" koma kanawanyamula onse, ena mpaka anaona nyumba zawo ku Bangwe. Kumwamba kunagunda. Ndipamene ndinamva mthunzi ukundiphimba, kutembenuka pang'ono, apongozi aimirira.

Sindikunyoza malemu, anali mayi abwino, koma Mulungu powaumba sanaumire dothi. Pa minibasi ankakhala mpando wonse wa kumbuyo okha, kondakitala n'kuwathokoza kuti asiyako malo a mpweya. Anamanga nsalu m'chiuno, anauza anyamata aja kuti achoke, anaponda tayala n'kukhala pa boneti. Kathirakitala kanatsika pansi kuti dii, tomato yense mumsika wa Limbe anadumpha m'malichero n'kubwereramo atasanjika kale milumilu, ndipo amayi ogulitsa mpaka lero amasanja choncho pokumbukira tsikulo.

Tsopano vuto linabuka lina. Apongozi akhala kutsogolo kwanga, aphimba msewu wonse, ndipo ine pampando, chimene ndikuona ndi msana wa apongozi ndi zonse za kumbuyo kwawo. Ine mwana woleredwa bwino, ndiyang'anitsitse kumbuyo kwa apongozi kuchokera ku Limbe mpaka ku Chirimba, anthu akuona? Bola kugwera mumtsinje wa Mudi. Ndinatembenuka pampando, nkhope kuloza ku pulawo, manja kumsana atagwira chiwongolero. Che Saidi anafunsa kuti njira ndiiona bwanji, ndinati apongozi ali ndi maso. Koma paja iwo sangalankhule nane, ndiye tinamukweza Elube mu ngolo kumapeto kwenikweni, kuti apongozi akaona pokhota akuwe kwa mwana wawo, mawu adutse pamwamba pa mutu wanga ine nditatseka makutu mwaulemu, akafike ku ngolo, Elube andibwezere.

Mukumva mmene zinalili? Apongozi akati "Elube, auze akhotere kumanzere!" mawuwo ankayenda mtunda wonse uja, n'kupuma panjira, pofika kwa ine n'kuti pokhota padutsa kalekale, ine n'kukhota pomwe ndafikapo, ndipo popeza ndinali chofulatira, kumanzere kwawo kunali kumanja kwanga, ndiye tinalowa m'misika, tinatuluka m'mabwalo a mpira, tinadutsa pakati pa ukwati ku Ndirande mkwati n'kupezeka wakwera chotchetchera, ndipo misewu yonse yokhotakhota imene inu a Jafali mumaitukwana ija inatsata matayala anga. Pa Makata dzanja linagunda kachitsulo kotsitsira pulawo, ndiye tinagalauza msewu pang'ono, rija n'kuunga mizere, ndipo maenje amene mumadandaula nawo aja si a mvula ayi, ndi mapando a chodzalira changa. Wapolisi wa pamsewu anaimika dzanja, koma ataona woyendetsa akuyang'ana kumene akuchokera, anaganiza kuti tikupita mbali inayo, anatembenuka n'kuyamba kuimitsa amene anali kumbuyo kwathu.

Tinafika kumunda mvula ikutsika phiri la Michiru, yoyera mbuu, mkokomo wake ngati sitima ya katundu. Dontho limodzi lokha likagwa m'mundamo ndisanadzale, Elube wapita. Ndinatsitsa zonse pamodzi, ndinaponda mafuta, pulawo inang'amba nthaka ija miyala n'kumathetheka moto, chophwanyira chikusandutsa zibuma ufa, rija ikuunga mizere yowongoka ngati ya m'kope la mwana wasukulu, chodzalira chikuponya mbewu, ndipo ine pokhala ndinali woyang'ana kumbuyo ndinkaona chilichonse, pamene pulawo yazama ndikweze, pamene yayandama nditsitse, zimene woyang'ana kutsogolo sangazione mpaka atawononga munda wonse. Koma mvula inali yafika kale m'malire, ndipo dontho loyamba ndinaliona ndi maso angawa, lalikulu ngati dzungu, likulunjika pa mzere womaliza.

Ndipamene ndinamva mawu ngati bingu kumbuyo kwa mutu wanga: "Iwe! Dikira!"

Ndinaganiza kuti apongozi andilankhula pamaso, mwambo wasweka. Phazi linali litapita kale pa buleki pamene mawu a Elube anafika kuchokera ku ngolo: "Musaime! Sakunena inu, akunena mvula!"

Ndipo mvula inadikira, abale. Mphezi indiwombe pompano ngati ndikunama. Dontho lija linaima m'malere likunjenjemera, anzake onse ataunjikana pambuyo pake, chifukwa mayi amene uja akakalipa ngakhale ng'ona za mu Shire zinkapepesa. Ndinamaliza mzere womaliza, apongozi anagwedeza mutu, mvula n'kukhuthuka, ndipo nthaka inali yofewa bwino moti chimanga chinamera tikuona, chinamasula ngayaye ndisanatembenuze thirakitala, chinakhwima, chotchetchera n'kuchidula, zisononkho kugwera uko, maso a chimanga kugwera mu ngolo, n'kupereseka ndi kugwedezeka kwa ngoloyo, moti Elube anatsika ali mbuu ndi ufa, mwana kumsana akunyambita zala.

Apongozi anatsika pa boneti, kathirakitala n'kuimanso chilili. Anapita kukakhala pansi pa mtengo atandifulatira, anaitana mwana wawo, ananong'onezana, ine ndikudikira. Elube anabwera akumwetulira.

"Amayi akuti mwana wawo akusiyirani. Koma thirakitala atenga, akuti yawazolowera."

Ndinati atenge ndi mapini omwe. Anakweranso pa boneti paja, n'kutsika nayo mapiri a ku Chikwawa popanda woyendetsa, ikungomvera mawu awo, ndipo n'chifukwa chake inu a Jafali simunaione pakhomo panga, musamati kunalibe. Ndiye a Lufeyo, ngati nthaka yanu ndi youma yambani ndi pulawo, ngolo idzabwera mukakhala ndi choti munyamule, ndipo musanagule chilichonse cholemera muyambe mwaona ngati kutsogolo muli n'choikako. Apongozi anu ndinawaona pa Khirisimasi, ndi ochepa thupi, inu gulani zitsulo zoika kutsogolo.

Umboni mukuufunabe? Uli kunyumba, ukusankha nyemba pakhonde. Elube basi ija sanakwere mpaka lero. Koma mukapita musakamufunse zambiri, wakula, mutu wayamba kusakaniza zinthu. Iye amati tsiku limenelo kathirakitala kanakana kulira, munda unalimidwa ndi makasu, amayi ake kutsogolo akuswa nthaka, iye pakati akudzala, ndipo chimene chinkakokedwa kumbuyo, matuza ali m'manja, misozi ili chuchuchu, ndinali ine. Amatinso amayi ake anamasula katundu uja chifukwa anaona kuti mwamuna wolira chonchi, akamulanda mkazi safika Lamulungu. Limenelo ndiye bodza, a Jafali, ndipo musaseke. Ine sindinalire. Inali mvula.