Kuthira Tiyi kwa Akatswiri a Zachuma

Lolemba
Akatswiri a zachuma afika pa loji yathu kuno ku Senga Bay, msonkhano wa sabata yonse. Ntchito yanga ndi kuthira tiyi mu holo. Akutsogolera ndi Dokotala Nkhoma, mayi wamfupi, nsapato zafulati, mawu ofatsa. Akuti katundu akamakwera mtengo malipiro amatsalira m'mbuyo, ndipo amene amapwetekeka kwambiri ndi wolandira zochepa. Ndaima ndi fulasiki m'manja, kukamwa yasa. Malipiro anga sanasunthe chilowereni ntchito. Mayiwa akunena za ine.

Lachiwiri
Ndafotokozera anzanga kukhitchini. Tapangana kuti Lachisanu tikaone a manijala pa nkhani ya malipiro, wolankhula ine. Gulu lathu: a Amidu ophika, alonda awiri, mayi Gondwe ochapa. A Amidu akuti, "Inshallah, koma patsogolo iweyo."

Lachitatu
Lero za chiwongoladzanja. Banki yaikulu ikachikweza, akuti mitengo imafatsako, koma mabwana amasiya kulemba anthu ntchito, ena mpaka kuchotsedwa. Bambo wina watayi watsutsa mokweza. Dokotala amuyankha pang'onopang'ono akumwetulira, mpaka mkuluyo kuvula jekete. Mutu umenewu! Ndathamangira kukhitchini kukafotokoza zonse. Alonda amvapo mawu amodzi okha, "kuchotsedwa". Atuluka m'gulu.

Lachinayi
Mayi Gondwe akuti mawa ali ndi maliro ku Chipoka. Ndawafunsa wamwalira ndani, akuti adziwa akafika.
Ndaganiza zopempha Dokotala kuti atilankhulire. Mawu ndawakonza bwinobwino m'mutu. Ndafika pamaso pawo, pakamwa patuluka, "Shuga angati, mayi?" Samwa shuga.

Lachisanu
A Amidu apita ku mzikiti dzuwa lisanakwere n'komwe. Ndalowa ndekha mu ofesi. Ndalankhula ngati Dokotala, ndi manja omwe. A manijala akungogwedeza mutu. "Zoona zokhazokha, achimwene. Inenso ndimamvetsera pakhomo paja. Mayi aja ndi katakwe." Kenako ayamba zawo: mpunga wa ku Lifuwu wakwera, dizilo wa jenereta wakwera, iwonso sanawonjezeredwe. "Mukaonana ndi eni loji, munditchuleko nanenso." Ndatuluka nditawapepesa ine.

Loweruka
Alendo akunyamuka. Dokotala andikodola pafupi ndi galimoto. "Bambo, ndakuonani mukumvetsera sabata yonse. Inu mukuziona bwanji?" Ndawauza zonse, mpaka za maliro a ku Chipoka. Aseka, dalaivala akudikira. "Sindikunamizani, kafukufuku wathu sangakukwezereni malipiro mawa. Koma musasiye kufunsa, ndipo ulendo wina musalowe nokha." Munthu wa sukulu yonseyo kuima padzuwa kumvetsera ine!

Lamulungu
Ndili kunyumba. Malipiro ndi omwe aja. Sopo watha. Ndakhazika akazi anga pakhonde n'kuwalongosolera bwinobwino chifukwa chake sopo akukwera mtengo, kuyambira ku banki yaikulu mpaka pa okala ya pamsewu. Amvetsera osandidula.
"Mwalankhula bwino, bambo a Chisomo. Nanga sopoyo ali kuti?"
Ndapita kutchalitchi ndi malaya a dzulo.