Paipi ya a Twaibu ndi Tayala la Wilibala

Khoma la nyumba yomwe timachita lendi ku Lifuwu ndi lopyapyala moti aneba akayetsemula, chimfine timadwala ndife. Lachiwiri lija ndikusambitsa mwana wanga Triza, ndinangomva a Twaibu ndi akazi awo a Hidaya ayambana.

"Bambo a Safia, munthu wandevu kulephera kuwerenga mpaka makumi atatu?"

"Ndinawerenga bwinobwino ine. Ndinu munkandisokoneza ndi nkhani za achemwali anu."

"Nanga paipi yafupika bwanji? Yafota ndi dzuwa?"

Ine ndinali nditasiya kale sopo, khutu lili kukhoma, ndikumva kukoma. Koma atatchula paipi, kukomako kunatha. Paipiyo ndinakagula ndine.

Inu, tamverani. A Twaibu ndi akabaza, komanso ali ndi dimba la tomato. Anapeza pampu yopondaponda yokokera madzi kunyanja, kunangotsala paipi. Tepi yoyezera analibe, ndiye anamanga kansanza patayala la njinga yawo n'kuikankha kuchokera kumadzi mpaka kudimba, akuwerenga kansanzako kakagunda pansi. Kanagunda ka makumi atatu. Poti ndinkapita ku Salima kusikelo ya mwana, ndinadzipereka ndekha, popanda wondipempha, kuti ndikawagulira.

Kusitolo wogulitsa anandifunsa, "Mamita angati, mayi?"

"Za mamita n'za kusukulu. Tandibwerekani wilibala iyo."

Tinayala paipi m'mbali mwa msewu, ndinang'amba kansanza kuchitenje changa, ndinamanga patayala la wilibala, ndinayamba kukankha ndikuwerenga mokweza. Anthu anaima kundionerera, ine n'kumati akusirira nzeru.

"Mayi, kwanuko anayeza ndi tayala ngati limeneli?" anatero wogulitsa uja, mpeni uli m'manja.

"Tayala ndi tayala, achimwene. Onse ngozungulira. Dulani."

Anadula.

Munthu wanzeru akanangokhala phee m'nyumba. Ine ndinabereka Triza n'kutuluka kukaweruza mlandu.

"Pepani aneba, kumbali yanga kulibe vuto. Makumi atatu ndinawerenga ndekha, Salima yonse ikuona."

"Munabwereka njinga ya ndani, mayi a Triza?" anafunsa a Twaibu.

"Njinga yachiyani? Wilibala."

Anayang'anana. Mkangano wawo unathera pomwepo, maso onse anayi anabwera kwa ine.

A Twaibu anakabwereka wilibala, anajambula mzere pansi ndi chala chakuphazi, tinaimika njinga ndi wilibala pamenepo. Iwo makumi atatu, ine makumi atatu. Njinga inakaima pamtengo wa mango uko. Wilibala yanga inathera pachimbudzi cha alandilodi, nditangopitirira theka pang'ono.

"Ndinakankha pang'onopang'ono," ndinatero. "Gwirani mwanayu."

Ndinabwerera pamzere, ndinakwinya chitenje, ndinaliyatsa liwiro. Kansanza kanayamba kuphethira mwakuti kuwerenga kunanditayika pa khumi ndi kawiri. Tayala linatitimira mumchenga, wilibala inaima, ine sindinaime. Ndinakafikira pathandala la usipa wa eni ake, ndinadzuka wina ali m'tsitsi.

"Kuthamanga sikukulitsa tayala, mayi a Triza," anatero a Twaibu akundichotsa usipa paphewa. "Langa likazungulira kamodzi, kanuko kayenera kuzungulira pafupifupi kawiri kuti kafike pomwepo."

Chinandiwawa si kugwa ayi. N'chakuti tsiku lililonse ndimayenda ndi Triza kupita kumjigo, ine kuponda kamodzi iye katatu, n'kumamukalipira kuti akuchedwa. Nzeru ndinali nazo pakhomo, koma ku Salima ndinazisiya.

Paipi yodula sibwezedwa, ndipo tomato anali atayamba kale kuweramitsa mitu. Ndiye tinagwirizana zoti mpaka ipezeke paipi yolumikiza, a Twaibu aziponda pampu, ine ndizitunga pomwe paipi yathera n'kumasenza chidebe mpaka kudimba. Tsiku limenelo ndinasenza mpaka khosi linalowa m'mapewa.

Pobwerako ndinawapeza awiri aja atayala mkeka, akhala moyandikana ngati angokwatirana dzulo, mpunga ndi nyemba zili pakati.

"Bwerani tidye, mwatopa," anatero a Hidaya. "Tigawana mofanana, aliyense masipuni makumi atatu."

Anatenga chisipuni chachikulu, china anapatsa amuna awo. Ine anandipatsa kasipuni kodyetsera mwana phala.

Ndinakayang'ana, ndinawayang'ana.

"Sipuni ndi sipuni, mayi a Triza," anatero. "Bismillah."