Machira Amene Ndinaimitsa pa Malire a Milange

Mpaka lero ndikaona machira ndimayang'ana kumbali. Manyaziwa ndinadzitengera ndekha pa malire a Milange, nthawi ya Apwitikizi, ndili sipayo, wapolisi wa boma lawo, wongoyamba kumene ntchito.

Mkulu wathu anali Kabo Muhiwa, Mlomwe wosachulutsa mawu. Ankati malamulo a bwana sangakuuze zonse, pena umagamula wekha pomwepo, koma uyambe wayang'anitsitsa. Ine ndinangotolapo zogamulazo (zoyang'anitsitsazo ndinati n'za okalamba). Masiku amenewo ndinkakayikira aliyense, ngakhale mayi wogulitsa nthochi.

Tsiku lina masana, akabo atapita kukadya, kunatulukira amuna anayi atanyamula machira ofundidwa bulangete. Pambuyo pawo pankabwera amayi awiri ndi beseni. Anati akuthamangira kuchipatala, tsidya la Muloza. Nditaona mmene mtengo wa machirawo unkapindikira, ndinati lero ndakola. Ndinawauza kuti mmenemo mwabisala munthu wachiwiri wopanda giya, chikalata chodutsira pamalire, ndipo atsitse ndione.

Anandichonderera, ine kukanitsitsa. Atangotsitsa, m'bulangetemo munamveka kubuula, amuna onse anayi n'kubalalikira kutchire, poti mwamuna saonerera mayi akuchira. Apo m'pamene ndinazindikira kuti m'machiramo munali mayi wapakati amene nthawi yake inali itakwana. Ndinadziwa kuti mayiyo kapena mwana akatisiya pamsewupo, wopha ndine.

"Inu asipayo, poti mwatiimitsa, gwirani chitenjechi mutitchinge. Nkhope uko," anatero mmodzi wa amayiwo, amene anali mzamba.

Ndinagwira, manja m'mwamba ngati wogwidwa ndine. Akabo atabwera sanafunse kanthu. Anangoona beseni ndi amuna ali m'tchire, n'kutseka msewu, n'kutuma wanjinga kuti akaitane namwino. Kenako anandivula jekete la boma (ndikadagwirabe chitenje) n'kulipereka kwa azamba. Mwana atalira, anamufunda m'jekete langalo. Mayi ake analinso bwino, ndipo ine misozi inatsika anthu akuona.

Pambuyo pake akabo anandifunsa motsitsa mawu, "Beseni lija sunalione? Unamvapo kuti wozembetsa anthu amayenda ndi azamba?"

Mwanayo anamutcha Chikaiko, ndipo jekete silinabwerere. Kulakwa ndinavomera, sindikana. Komabe ndikakhala ndekha ndimati diso langa silinaname kwenikweni, pakuti m'machira muja munalidi munthu wachiwiri, ndipo giya analibe.