Mwendo wa Anagama Ulowa Ndale

Kuseri kwa phiri lina, m'dziko limene sitilitchula dzina poopa kuti eni ake angadzizindikire, kuli mudzi umene chitukuko chimafikako kudzera pa wailesi. Mlatho wa m'mudzimo unamangidwa pa wailesi, mjigo unakumbidwa pa wailesi, ndipo anthu ake, pokhala oleredwa bwino, amawoloka mtsinje atapinda mabuluku kwinaku akuthokoza boma.

M'mudzimo munali mayi wina wogulitsa tomato, dzina lake Anagama. Iwowa ndiwo ankatsogolera amayi ovina pamisonkhano ya chipani cholamula. Akayambitsa nyimbo, ngakhale munthu wogona ndi njala ankayamba kukhulupirira kuti wakhuta. Amuna awo, a Kampira, anali kalipentala woonda ndiponso wofatsa, amene anaphunzira kalekale kuti m'nyumba mokhala woimba, mwamuna ntchito yake ndi kuvomera.

Tsiku lina kunabwera Olemekezeka Nduna Yoona za Umoyo, Moyo Wautali ndi Zina Zotero, kudzakhazikitsa inshuwalansi ya boma. Aliyense analandira khadi lobiriwira lotchedwa Tonse Tichire.

"Ndi khadi limeneli," anatero a Nduna, "dotolo aliyense m'dziko muno adzakuthandizani mwaulere. Matenda akangoliona adzathawa okha."

Anagama anavina tsiku limenelo ngati mawa kulibe. Fumbi lili koboo, mwendo wawo unalowa m'dzenje limene linakumbidwira mwala wa maziko a chipatala chimene chinalonjezedwa pachisankho chapitacho. Fupa linathyoka cha pabondo. Anagwa chagada, nakuwa, ndipo amayi anzawo analuluta poganiza kuti ndi kavinidwe katsopano. A Nduna nawo anaomba m'manja.

Kuchipatala anawaika chikhakha. Pamene ankachichotsa, fupa linali litalumikizana, koma bondo linali litauma gwa ngati mpini wa khasu.

"Mayi, apa pakufunika mafizo," anatero namwino. "Mupeze dotolo wodziwa kuwongola minyewa, azilipinda pang'onopang'ono mpaka lifewe. Mukachedwa, liuma mpaka kalekale."

Anagama sanade nkhawa. Khadi linali m'kansalu, lomangidwa pachifuwa. Koma kumsika benchi yawo inali itayamba kale kusiriridwa ndi ena, kudimba kunali kutamera tchire, ndipo kupita kuchimbudzi kunali ulendo wofunika kutsanzika. Choncho a Kampira anawakweza panjinga, mwendo uli tasa kumbali ngati chikwangwani, ulendo wofuna dotolo wa mafizo.

Anayamba ndi chipatala chachikulu cha paboma. Chipinda cha mafizo chinalipo ndithu, chopaka utoto watsopano. M'katimo munali njinga yopalasa pamalo amodzi, imene mlonda anayanikapo masokosi ake.

"Adotolo alipo?" anafunsa a Kampira atavula chipewa.

"Bambo Lunguzi? Alipo kwambiri," anayankha mlondayo. "Kungoti panopa ali kuhotela, kumaphunziro a momwe madotolo angamapezekere pantchito."

"Abwera liti?"

"Akatha amenewo apita kwina kukaunika ngati maphunzirowo anathandiza."

Anapita kuchipatala cha munthu wamba, chokhala ndi maluwa apulasitiki pakhomo. Anagama anafunsa kaye asanakhale pansi: "Kodi khadi la boma mumalandira?"

"Timalandira ndi manja awiri, mayi," anatero mtsikana wa pakauntala. Analilandiradi ndi manja awiri, naliyang'ana uku ndi uku, nayamikira chithunzi cha Anagama kuti anatuluka bwino, kenako n'kuwabwezera. "Tsopano mulipira bwanji?"

Kuchipatala cha mishoni sisitere wachikulire anawauza mosabisa kuti boma silinawabwezereko kanthu chiyambire khadilo, moti iwo anasiya nkhaniyo m'manja mwa Mulungu. Anawapempherera, nawalangiza kuti akadandaule kulikulu la inshuwalansiyo.

Likululo linali m'nyumba yosanja, ndipo ofesi ya anthu ovutika kuyenda inali pamwamba penipeni. Chikepe chokwezera anthu chinafa tsiku limene anachitsegulira. Lamulo linali lakuti wodwala akaonekere yekha pamaso pa Wachiwiri kwa Mkulu Wotsimikiza Kuti Odwala Akudwaladi. A Kampira anayang'ana masitepe, nayang'ana akazi awo, amene Mulungu sanawamane thupi. Anapuma mozama n'kuwabereka.

Bwanayo anawalandira akusenda nthochi.

"Mwafika bwanji kuno?"

"Andibereka bambowa, bwana."

"Ndiye kuti njira yoyendera muli nayo," anatero bwanayo. "Malamulo akuti amene wakwanitsa kufika muofesi ino savutika kuyenda. Amene akuvutikadi ndi amene sanafike."

"Nanga osafikawo mumawathandiza bwanji?"

"Akafika tidzawathandiza."

Atatero anasuzumira a Kampira, amene anali atapindika pakona atagwira msana. "Koma bambowa akufunika mafizo," anawonjezera mwachifundo. "Musachedwe nawo."

Anabwerera kumudzi onse awiri akubuula, wina mwendo, wina msana. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo, Anagama anamva nyimbo ya chipani pa wailesi osaigwedezera mutu.

Chisankho chitayandikira, a Nduna anafuna munthu woti aonetse kuti khadi likugwira ntchito. Mlembi wa chipani m'deralo, a Chimphonda, anakumbukira woimba wawo uja. M'mawa wina galimoto zinangoti mbwee pakhomo pa Anagama. Munatuluka atolankhani, ojambula, a Nduna, ndiponso munthu wonenepa wovala chikhothi choyera chimene chinkakana kumangika mabatani. Ameneyu anali Bambo Lunguzi, amene maphunziro anali atawayanja.

Misozi inalengeza m'maso mwa Anagama. Anatambasula mwendo. Bambo Lunguzi anagwada, nagwira bondo, namwetulira moyang'ana makamera.

"Adotolo, si limenelo," ananong'ona Anagama. "Lodwala ndi linzakeli."

"Kuwala kuli bwino mbali ino, mayi," anayankha wojambula.

Anagama asanamalize n'komwe kupereka moni, galimoto zinali zitapita. Madzulo ake wailesi inalengeza kuti mayi wina amene anali wolumala wachira kotheratu chifukwa cha khadi la Tonse Tichire, moti akuthamanga. Anthu a m'mudzimo anabwera kudzawafunira mafuno abwino. Ena anadabwa kuwapeza akukwawira kukhitchini, koma anaganiza kuti mwina uthenga sunafike kumwendoko.

Mawa lake Anagama anatenga ndodo, natsimphina kupita kumsika. A Chimphonda anawatsekera njira.

"Mayi, mukutani?"

"Ndikuyenda, bambo."

"Mukutsimphina. Boma linanena kuti munachira. Kutsimphina kumeneku wakutumani ndani?"

"Bondo, bambo."

"Ndiye muliuze bondolo kuti ndale siziyenda choncho. Ngati simungathe kuyenda mokomera boma, khalani m'nyumba."

Nkhani inamveka kwa a chipani chotsutsa. Wapampando wawo m'deralo, a Mwalabu, anafika ndi nsalu yachikasu ndi paketi ya shuga. Analiyang'ana bondolo ngati munthu woona ng'ombe yonenepa pamsika, nafunsa ngati lingathe kutupako pang'ono lisanafike Loweruka, tsiku la msonkhano wawo. Kuyambira pamenepo ankawanyamula Anagama pa lole kupita nawo kumisonkhano. Ankawakhazika pampando wapamwamba, mwendo utaloza anthu, a Mwalabu n'kumafuula kuti: "Onani boma lanu ili!" Bondo linatchuka kuposa mwini wake. Anthu ankalijambula, ena ankaligwira, koma wolipinda panalibe.

Ndiye Lachiwiri lina, dzuwa lili paliwombo, pakhomo panafika mayi wachitsikana atanyamula chikwama, nsapato zili mbuu ndi fumbi. Anati dzina lake ndi Tinenenji Mbalame, dotolo wa mafizo amene anali atangotumizidwa kumene kuchipatala cha paboma. Pokhala wachilendo, anali asanadziwe kuti kuli mahotela. Anamva za bondolo pa wailesi ziwiri zosiyana, ina ikuti lachira, ina ikuti laola, ndipo anaganiza zodzalifunsa lokha.

"Khadi la boma mumalandira?" anafunsa Anagama ndi mawu a munthu wotopa.

"Ndi ntchito yanga, amayi. Gonani pamkekapa."

Manja ake anali ofunda ndi odziwa. Anasisita, nakoka, nakankha pang'ono. Anagama anakuwa, koma bondo linagonja, n'kupindika pang'ono chabe, kwa nthawi yoyamba chithyokere.

"Silinaumiretu," anatero dotoloyo. "Mukalimbikira, mvula ikamagwa mudzakhala mukulima. Koma tisadumphitse."

A Kampira anatembenukira kukhoma kuti akazi awo asaone kuti akulira.

Mphekesera ilibe bondo louma. Posakhalitsa a Chimphonda anatulukira kum'mawa, a Mwalabu kumadzulo, onse ali wefuwefu. Anthu awiriwa anali asanapatsanepo moni chiyambire ndale, ngakhale pamaliro.

"Chotsani manja pamenepo!" anakalipa a Chimphonda. "Mayiwa anachira. Kuchiza munthu wochira kale ndi kunena kuti a Nduna ndi abodza."

"Inde, chotsani manja!" anatero a Mwalabu. "Bondo limeneli ndi umboni. Achire tikavota."

"Koma mukadikira liuma," anatero dotoloyo.

"Nanga si ndiye bwino!" anayankha a Mwalabu.

"Bwanji mundifunse ineyo?" anatero Anagama ali chigonere pamkeka. "Mwendowu ndi wanga."

Akuluakulu awiriwo anawayang'ana modabwa, ngati mbuzi ya pamlandu yapempha kuti ilankhulepo. Kenako anayang'anana, ndipo chinthu chimene abusa, mafumu ndi mabungwe analephera kwa zaka zambiri chinachitika pomwepo. Anagwirana chanza.

Wina ananyamula chikwama cha dotolo, wina anamugwirira ambulera. Anamuperekeza mwaulemu mpaka pamsewu, namukweza minibasi, ndipo anakanganako pang'ono pokhapokha pa nkhani ya amene alipire, aliyense akufuna kuti akhale iye. Sabata isanathe, Tinenenji anakwezedwa pantchito chifukwa cha khama lake, natumizidwa kumalire a dziko kukayang'anira nyumba yosungiramo ndodo za olumala.

Akale anati njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu. Iwo anamwalira asanaone zimene zimauchitikira udzu njovu zikagwirizana.

Madzulo a tsikulo wailesi zonse ziwiri zinalengeza nkhani imodzi: kuti m'mudzi wina kuseri kwa phiri, zipani zaika pambali kusiyana kwawo pofuna kutukula umoyo wa anthu. Anagama anamvetsera mpaka kumapeto, mwendo uli tasa pamkeka.

"Bambo," anaitana amuna awo, "matabwa aja atsalako? Mundikhomere ndodo ina yolimba. Zikuoneka kuti dziko lapeza mtendere."