Matayala a Matope pa Chitunda cha ku Croydon

Mkazi wanga, mayi a Tadala, anandichenjeza kale kuti nkhani imeneyi ndikaikhotetsa, aifotokoza okha ku tchalitchi pamaso pa anthu onse. Ndiye ndiinena momwe inachitikira, ngakhale pali malo ena oti ndikawakumbukira ndimangogwira kumaso. Koma mumve kaye ichi tisanapite patali: chitunda chija ndinachikwera. Zoti potsika zinavuta, imeneyo tiiona ikafika nthawi yake.

Ine si dalaivala wadzana ayi. Ndisanabwere kuno ku London kudzagwira ntchito yosamalira okalamba, ndinayendetsa galimoto ya bungwe lina zaka zisanu ndi zitatu m'misewu ya ku Ntchisi ndi ku Dowa, dzinja lonse, matope olekeza m'mawondo. Malamulo a pamatope ndimawadziwa ngati Atate Wathu. Usaime. Ukamva kumbuyo kwa galimoto kukuthawira kumbali, thira moto iwongoke. Ikatitimira, thyola nthambi uyale pansi pa matayala, okankha abwera okha. Ndi malamulo amenewa sindinagonepo m'njira (kupatula kamodzi ku Malomo, koma pamenepo mlatho ndiwo unapita ndi madzi, osati nzeru zanga).

Choncho nditakhazikika ku Croydon ndinagula chigalimoto changa, chakale ndithu koma champhamvu, chokoka ndi matayala onse anayi, zija timati fobayifo. Mayi a Tadala, omwe ndi namwino, ali ndi kagalimoto kawo kakang'ono kamene ine ndinkakatcha kachibekete. Ndikaimika chigalimotocho pafupi nako ndinkaona ngati ng'ombe yaima ndi mwana wa mbuzi.

Mwezi wa Novembala tinapita tonse ku Peckham kukasintha matayala, kwa a Daka, mkulu wina wa ku Zambia amene ali ndi kagalaja pansi pa mlatho wa sitima. Iwo anatulutsa matayala a nyengo yozizira, ofewa ukawadina ndi chala, okhala ndi timizere ting'onoting'ono tambirimbiri, pambali pake pali chizindikiro cha phiri la nsonga zitatu. Mayi a Tadala anangoti awaikire onse anayi pa kagalimoto kawo, osatsutsa n'kamodzi komwe. Ine ndinawayang'ana matayalawo n'kuseka. Maso anga anali pakona, pomwe panali zimatayala za mano akuluakulu ngati za thalakitala, zenizeni zomwe tinkadulira matope kwathu.

"Ba boss, ayo ni ya matope," anatero a Daka m'Chinyanja chawo cha ku Lusaka. "Kukazizila yamakosa monga mwala, siyagwila pansi. Fobayifo ikuthandizani kunyamuka chabe. Kuimilila ni nchito ya matayala."

Ndinawayankha kuti sinowo ndi matope oyera basi, ndipo munthu amene anagonjetsa matope ofiira a ku Ntchisi sangaope phulusa lakumwamba. A Daka anapukusa mutu n'kundimangira zimatayala zangazo. Mayi a Tadala anangolipira matayala awo. Mukakhala pabanja zaka zambiri mumadziwa kuti kukhala chete kwina n'kosunga mawu, koma tsiku limenelo ine ndinayesa kuti andigomera.

Ku tchalitchi ndinalengeza ndekha, popanda wondifunsa, kuti sinowo ikadzagwa aliyense wovutika andiimbire. Mmodzi mwa amene anamva anali Bambo Mbewe, mkulu wa zaka zopitirira makumi asanu ndi awiri. Iwo anabadwira pa famu ku Zimbabwe, koma bambo awo anachokera ku Dedza, ndipo Chichewa chawo n'chakale chija chokoma, chosasakaniza. Impso zawo zinasiya kugwira ntchito, ndiye katatu pa sabata amapita kuchipatala kukalumikizidwa ku makina otsuka magazi. Akaphonya tsiku, madzi amadzaza m'thupi, miyendo imatupa, kupuma kumavuta. Tsiku loopsa kwambiri ndi Lolemba, chifukwa amakhala atadutsa Loweruka ndi Lamulungu osatsukidwa.

Ndipo sinowo inasankha Lolemba lomwelo. Tinadzuka kunja kuli mbee, magalimoto onse atavala zipewa zoyera. Itangokwana seveni koloko foni inalira. Anali Bambo Mbewe, akulankhula mopumira m'mwamba. Galimoto yomwe imawatenga inali itaimba kuti siingathe kukwera chitunda cha kwawo, mwana wawo wamkazi anali atatsekeredwa ku ntchito ku Wembley, ndipo bedi lawo kuchipatala linali la naini koloko. Anandifunsa mwaulemu ngati mawu anga a ku tchalitchi aja anali akadalipo.

Ndisaname, ndinasangalala. Munthu akudwala, ine mtima uli mbee ngati ndapambana mpikisano (Mulungu andikhululukire). Mayi a Tadala, omwe tsikulo anali pa ofu, anati bwanji titenge kagalimoto kawo. Ndinawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kuwauza kuti apitirize tiyi wawo, iyi ndi ntchito ya amuna.

Bambo Mbewe amakhala kumwera kwa Croydon, kumene misewu imakwera ngati ya ku Zomba. Kamsewu kawo n'kopapatiza, magalimoto oimikidwa mbali zonse, ndipo kamathera pamwamba pomwepo. M'munsi mwa chitunda ndinapeza magalimoto awiri atalephera, matayala akungozungulira pamalo amodzi. Ndinawazemba, n'kuthira moto. Abale, chigalimoto chija chinakwera! Chinagwedezeka uku ndi uku, koma chinakwera mpaka pakhomo. Mzungu wina amene ankachotsa sinowo ndi fosholo pakhomo pake anaima n'kundiyang'ana kukamwa kuli yasa. Ndinamukwezera dzanja ngati phungu wa nyumba ya malamulo.

Ndinawagwira mkono Bambo Mbewe n'kuwakweza kutsogolo. Mapazi anali atatupa moti nsapato sanamange zingwe. Ndinawauza kuti akhazike mtima pansi, ali m'manja mwa katswiri. Iwo anayang'ana kutsetsereko kuja, pomwe sinowo inali itapondedwa n'kusanduka ayezi wonyezimira, n'kunena motsitsa kuti pa famu paja ankati kukwera n'kwa injini, kutsika n'kwa Mulungu. Ndinaseka, n'kuyamba kutsika.

Poyamba zinayenda. Titafika pakati pa chitunda ndinaona kuti liwiro likuwonjezeka, ndiye ndinaponda buleki. Buleki inangonjenjemera pansi pa phazi langa, galimoto osamva. Ndinapondanso mwamphamvu. Zimatayala zanga za mano zija zinali zitauma gwa ndi kuzizira, zikungotsetsereka ngati sopo pa simenti yonyowa. Kenako ndinamva kumbuyo kukuthawira kumanja. Mutu unalibe nthawi yoganiza, phazi linakumbukira za ku Ntchisi lokha. Ndinathira moto.

Musadzayese. Chigalimoto chinazungulira ngati chikuvina chiterera. Ndinaona nyumba, kenako mtengo, kenako nyumba yomwe ija. Tinagunda mabini atatu a zinyalala, limodzi n'kutsegula pakamwa kutisanzira makatoni pagalasi. Pomaliza kumbuyo kunakalowa mumpanda wa maluwa wa nyumba ina, tayala limodzi litakwera pakakhoma, mphuno itatseka msewu wonse. Kunangoti zii. Bambo Mbewe anali atagwira lamba ndi manja awiri, maso atatsinzina.

"Tafika kodi, mwana wanga?" anafunsa osatsegula maso.

Nthawi inali itadutsa eyiti. Munthu wanzeru akanaimba foni pomwepo. Ine ndinatsika (n'kugwa chagada kaye, tisabise), n'kupita ku lamulo lachitatu. Nthambi zinali pafupi, zobiriwira bwino, zodulidwa mofanana. Ndinayamba kuthyola n'kumayala pansi pa matayala. Nditathyola mtolo wabwino ndithu chitseko chinatseguka, n'kutuluka mayi wina wachizungu wachikulire atavala gauni ya m'nyumba. Anandifunsa mwaulemu woopsa uja wa anthu a kuno ngati ndingamufotokozere chimene ndikuchita ndi mpanda umene malemu mwamuna wake anabzala. Ndinaima nthambi zili m'manja. Chingerezi chonse chinandithawa, kunangotsala sole, sole.

Nthambizo sizinathandize n'komwe. Matayala anazitafuna n'kuzilavula. Ndinayang'ana uku ndi uku kudikira okankha. Kwathu galimoto ikatitimira, anthu amatuluka ngakhale m'chimanga, wina ndi khasu, wina ndi nyimbo. Kuno ndinangoona makatani akugwedezeka m'mawindo. Mayi uja atasuzumira m'galimoto n'kuona mkulu akupuma movutika, mkwiyo unamuthera. Anabweretsa bulangeti ndi kapu ya tiyi. Bulangeti Bambo Mbewe analandira, koma tiyi anakana, poti madzi m'thupi anali atachuluka kale. Pamenepo m'pamene mantha enieni anandigwira. Ndinawayang'ana milomo, ndinamva mmene mpweya unkalirira pachifuwa, ndipo ndinadziwa kuti matama anga akhoza kupha munthu.

Ndinaimbira mayi a Tadala. Sanandifunse zambiri, anangoti ndiwauze dzina la msewu. Patapita mphindi ngati khumi ndi zisanu ndinaona kachibekete kaja kakubwera m'munsi, pang'onopang'ono, kosagwedezeka, n'kuima bwinobwino pomwe kanafuna kuima. Ndinawaimbiranso kuti akwere.

"Ndikwere ndikatembenukire pati, poti katswiri watseka msewu? Dikirani pomwepo."

Anakwera wapansi, atavala sokosi zakale pamwamba pa nsapato kuti asaterereke, m'manja muli sokosi zina ndi chitenje. Anawagwira Bambo Mbewe pamkono kumva kugunda kwa mtima, anawayang'ana m'maso, n'kunena kuti sangayende okha pa ayezi ameneyu, akagwa ndiye tawonjezera vuto. Kenako anandiponyera sokosi zija n'kundiuza kuti ndiwerame.

Ndinawerama. Bambo Mbewe anakana kaye, amvekere mwamuna wa ndevu saberekedwa, koma mayi a Tadala anawauza kuti manyazi akawachitire kuchipatala ali moyo. Anawakweza pamsana panga, n'kutimanga ndi chitenje, mfundo pachifuwa panga ngati mayi wopita kuchigayo. Mkuluyo ndi woonda, koma tsiku limenelo ankalemera ngati thumba la chimanga lonyowa.

Tinayamba kutsika. Phazi limodzi, kuima, phazi lina. Dzanja langa limodzi linkagwira magalasi a magalimoto oimikidwa aja, mayi a Tadala ali kutsogolo kundiuza poponda. Kunkazizira koopsa koma ine thukuta linali kamukamu. Mpweya wa Bambo Mbewe unkandiwomba m'khutu, ndipo ndinkauwerenga uliwonse. Kawiri konse phazi linaterereka, koma ndinalumbira mumtima kuti ndithyoke ndine, mkuluyu pansi safika. Makatani aja tsopano anali atatseguka, anthu akutiyang'ana poyera. Sindinasamale. Mwa maulendo onse amene ndayendetsapo anthu, palibe umene ndinauyendetsa mosamala ngati umenewo, ndipo sitinagwe.

Mayi a Tadala anayendetsa kachibekete kawo mwakachetechete, giya yotsika, buleki akuigwira ngati dzira. Ine ndinakhala kumbuyo, mawondo ali m'chibwano. Tinalowa m'chipatala naini itangodutsa pang'ono, bedi la Bambo Mbewe likadalipo. Namwino wina, Mmalawi mnzathu, akuwalumikiza ku makina, anawafunsa kuti afika bwanji poti odwala ambiri alephera.

"Wandibereka mwana wangayu," anatero Bambo Mbewe akundiloza. "Chitunda chonse, pamsana."

Za mabini sanatchule, za mpanda sanatchule. Ndinatuluka panja msanga chifukwa m'maso munayamba kundiyabwa, ndipo sindinafune kuti mayi a Tadala aone.

Chigalimoto chinakokedwa madzulo ake, galimoto yothira mchere mumsewu itadutsa. Mpanda wa mayi uja ndinakabzalanso ndekha nyengo itafunda, iye atakhala pampando kundilozera. Kwa a Daka ndinabwerera sabata yomweyo. Sanandiseke, anangofunsa kuti, "Yonse folo, ba boss?" Ndinati onse anayi, a chizindikiro cha phiri. Wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu.

Zimatayala za matope zija zili kuseri kwa nyumba. Mayi a Tadala anathiramo dothi n'kubzalamo mpiru, ndipo mlendo aliyense amamutengera kumeneko kukamuonetsa munda wa katswiri. Ine ndimangowasiya. Koma mlendoyo akabwerera pabalaza ndimamukokera pambali n'kumuuza zoona zake, kuti m'mawa umenewo magalimoto awiri analephera m'munsi, ndipo inakwera chitunda chija ndi imodzi yokha. Bambo Mbewe akakhalapo amavomereza ndi mutu, kenako amawonjezera kuti potsika anakwera ina yabwino kuposa imeneyo, n'kundisisita pamsana.