Chambo Chovala Jekete

Mpaka lero azilamu anga akafuna kundiseka amangofunsa kuti, "Alamu, ya jekete ija muphika liti?" Ndimaseka nawo, koma tsiku limenelo ndinalakalaka nthaka itandimeza.

Kwathu ndi ku Dedza, koma ndinakwatiwa ku Mlare, ku Karonga, komwe ananditumiza kukaphunzitsa. Ndi nthawi ija tinkamangirira khadi la chipani pansonga ya nsalu popita kumsika. Apongozi anga aamuna anali atangotuluka m'chipatala, adokotala atawaletsa zamafuta chifukwa cha mtima. Iwo, okonda nsomba yokazinga, akaona ndiwo zowiritsa ankangokankha mbale. Anayamba kutha tikuona, ndipo zinkandiwawa kwambiri, poti ndiwo anandiikira kumbuyo pamene abale ena ankati mwana wawo watola mlendo.

Tsono ndinakumbukira zimene tinaphunzira za kaphikidwe ku koleji. Nsomba umaichotsa minga, kuigubuduza mu ufa wa tirigu, kuiviika m'dzira, kuiwaza nyenyeswa za buledi, n'kuiwotcha ndi kasupuni kamodzi kokha ka mafuta. Ukaluma imakukutika ngati yokazinga. Ndinati basi, apongozi ndawachiritsa.

Buledi ndinamuyanika pamphasa kuti aume ndisinje. Nkhuku zinadya theka. Apongozi aakazi anaima n'kugwira m'chiuno.

"Mwana wane, buledi wabwinobwino mukuyanika ngati chinangwa?"

"Dikirani muone, amama," ndinayankha monyada.

Ufa wa tirigu kusitolo kunalibe. Ndinati ufa ndi ufa, n'kutapa wa kondowole, wa chinangwa uja. (Mwana aliyense wa ku Karonga amadziwa zimene kondowole amachita akakumana ndi madzi ndi moto. Aphunzitsi a ku Dedza ndiwo sankadziwa.) Chambo ziwiri ndinazidula mitu, n'kusenga mnofu wokhawokha. Mituyo ndinaiponya m'kapoto ndi matimati ndi mchere kuti ndidye ndekha kukhitchini. Mnofu uja ndinauveka zonse zija, n'kuuika m'sefuliya, makala pansi, makala pachivundikiro, monga timachitira ndi chikondamoyo.

Ndinavundukula. Pansi panali patapserera, pamwamba pali chikopa chotuwa, chonanda ngati ulimbo. Nthawi ya nkhomaliro inali itakwana kale.

Kumeneko mtengwa saonana maso ndi maso ndi apongozi aamuna, choncho mbale ananyamula ndi amama. Ine ndinakabisala kuseri kwa nyumba, khutu pafupi ndi zenera.

"Ichi n'chivichi?" anafunsa adada, apongozi aamuna aja.

"Somba. Mkamwana wanu wakuphikirani, ilibe mafuta."

"Somba yavala jekete? Kutentha konseku?" Panadutsa kanthawi, supuni ikulimbana ndi chikopa chija. "Nanga mutu uli kuti?"

Ndi pamene ndinazindikira kuti mutu wa nsomba ndi wa mwini khomo, ndipo kupatsa wamkulu nsomba yopanda mutu kuli ngati kumupatsa makombo.

Amama anatuluka chothamanga. "Mwana wane, mitu mwataya?"

Ndinaloza kapoto kanga, manyazi ali tho. Anakanyamula n'kulowa nako m'nyumba. Posakhalitsa ndinamva adada akupsipa fupa lililonse, akumwa msuzi mpaka kupala mbale. Aka kanali koyamba kumaliza chakudya chitulukireni m'chipatala, ndipo munalibe ngakhale dontho la mafuta.

Kenako adada anakweza mawu dala, podziwa kuti khoma lili ndi munthu kuseri kwake.

"Mukamuuze mkamwana wane kuti yewo chomene. Machero, inde mawa, aphikenso yomweyi. Jeketeyo asungire abale ake a ku Dedza, kuja kumazizira."

Ndinalira ndi kuseka komwe, nditakhala pansi m'fumbi. Ya jekete ndinadya ndekha, nsagwada zinandiwawa mpaka mawa lake.

Adada ndinawaphikira mitu zaka zambiri, ndipo ananenepa bwino ndithu. Nsomba ya buledi sindinaileke, anthuni. Masiku ano ndimagula ufa wa tirigu ndipo imakukutika mpaka anansi kumva. Koma mitu ndimaiwiritsabe m'kapoto kapadera, ngakhale mwini wake anatisiya kalekale.